Kansalu ka pa Bondo

Amuna anga, a Sharifu, anatulutsa chovalacho m'sutikesi chikununkha mankhwala a njenjete. Ine nditati ndi siketi, anandiyang'ana ngati ndatukwana mayi awo. Akuti dzina lake ndi kiliti, chovala cha gulu la asilikali a ku Scotland komwe iwo ankagwira ntchito asanavulale. Loweruka asilikali akale a gululo okhala ku Dubai anali ndi phwando pa hotela ina ku Business Bay, lokumbukira tsiku limene gulu lawo linakhazikitsidwa. Chaka chapitacho phwandolo linalephereka chifukwa cha korona.

Ife sitinkapitira kuvina. Hotela yomwe bamboyu ankalondera inawachotsa ntchito matenda atavuta, ndipo viza yawo inkatha mwezi womwewo. Mkulu wawo wakale wa ku usilikali, amene iwo amangoti a Meja, anali ndi kampani ya alonda ku Dubai Investments Park, ndipo anawauza pafoni kuti akakambirana kuphwandoko. Ntchitoyo ikakanika, bamboyu akwera ndege ya kumudzi, ine n'kutsala ndekha kuno ku Karama pa makina osokera a eni ake.

Atayesa kuvala ndinaona vuto. Kiliti imalekeza pamwamba pa bondo, sokosi n'kuyambira pansi pake. Pakati pamenepo panali bondo lawo lamanzere, la chipsera chachikulu, lotupa ngati papaya chifukwa choyenda wapansi kusaka ntchito. Akavala thalauza palibe amadziwa. Pamsewu amayenda mowongoka, kubuula amadzabuulira kunyumba.

"Bambo a Faiza, bondo likuoneka," ndinatero.

"Liyenera kuoneka. Ndi lamulo lake."

Lamulo lake! Ngati lamulo limapereka viza. Ine ndine telala, ndipo ndimadziwa kuti nsalu ili ndi ntchito yobisa zimene mwini wake safuna kuti zioneke. Mawa lake iwo atatuluka, ndinapeza kansalu kobiriwira modera, ndinakapinda mapindidwe ofanana ndi a kumbuyo kwa kilitiyo, n'kukasokerera m'munsi mwake. Kanatalika zala zinayi basi. Ndinasoka bwino, ndisaname.

Anazindikira Loweruka madzulo, takisi itaima kale panja. Anayang'ana pagalasi, anawerama, n'kugwira msoko uja ndi zala.

"Mwanajuma, wachita chiyani?"

"Inu Msilamu, bambo wa mwana, mukayende mawondo pamtunda pakati pa anthu?"

"Usabisale kumbuyo kwa chipembedzo. Nena zoona."

"Zoona n'zakuti a Meja anuwo akufuna mlonda wa miyendo iwiri."

Woyendetsa takisi anaimba hutala, ndipo tinatsika masitepe. M'galimoto ndinkamva kupuma kwawo m'kati mwa masiki. Ndinali ndi mantha, komanso ndinali nditakwiya.

Pakhomo la hotela panali mzere. Mtsikana wina ankayeza anthu kutentha pamphumi, n'kuona pafoni ngati munthu wayezetsa matenda. Kutsogolo kwathu kunali amuna a makiliti okhaokha, mawondo oyera, ofiira, aubweya, onse pamtunda. Amuna anga okha ndi amene anali ofunda. Nkhalamba ina ya mamendulo pachifuwa inatembenuka, inayang'ana m'munsi mwa kiliti yawo, kenako nkhope yawo, n'kuyang'ana kumbali. Amuna anga anaziona zimenezo.

"Khalas, zakwana," anatero chapansipansi. "Ndidikire pompano."

"Bambo a Faiza, chonde. A Meja sakulembani ntchito."

Analowa kuchimbudzi. Atatuluka bondo linali poyera, ulusi wanga ukulendewera m'mphepete mwa kiliti. Kansalu kaja anandiika m'manja osandiyang'ana, ine n'kukaponya m'chikwama.

M'holomo matebulo anali motalikirana, paliponse botolo la mankhwala opaka m'manja. Ndinkaganiza kuti tikangolowa tikhala pansi, bondo libisale pansi pa nsalu ya tebulo. Ayi ndithu, asilikali amakonda kuimirira. Tinaimirira polowa woimba chitoliro cha thumba chija cholira ngati mbuzi yomangidwa. Tinaimirira polowa mbendera. Kenako anayamba kuwerenga mayina a anzawo amene anafa, wina ndi wina, mosafulumira. Amuna anga anaima njo, manja m'mbali, chibwano m'mwamba. Ine maso anali pa bondo. Linayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, mpaka m'mphepete mwa kiliti munkagwedezeka. Ndinasendera kutsogolo kwawo kuti diresi langa litchinge, koma iwo anandikankhira kumbali ndi chigongono.

Mayina atatha, kunabwera mzungu wamtali, waimvi, maso okha akuoneka pamwamba pa masiki. Anali a Meja. Anagundana zigongono ndi amuna anga, akuseka, ndipo kwa ine anagwedeza mutu mwaulemu. Kenako maso awo anatsika pansi, ndipo anakhalitsa kumeneko.

"Bondo lija likuvutabe?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ayi, bwana. Lili bwino."

Bondolo linkanjenjemerabe, ife atatu tikuliona.

"Sharifu, tsiku lija ndinalipo. Ndikudziwa mmene linaphwanyikira." A Meja anatsitsa mawu. "Ntchito imene ndili nayo ndi ya pageti, kuimirira padzuwa tsiku lonse. Sindingakuike pamenepo, ndingakupundule. Ikapezeka yokhala pampando ndidzakuimbira."

"Liti, bwana?" Ndinafunsa ndine, ulemu utandithera.

Anatambasula manja. "Mwina chaka chamawa, mayi. Matendawa atisokoneza tonse."

Munthuyo sanali woipa, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Akanakhala wamwano ndikanapeza womutukwana.

Tinatuluka kuvina kusanayambe. Titakhala m'takisi, amuna anga anawongola mwendo uja movutika, ndipo kwa nthawi yoyamba anabuula pamaso pa mlendo. Titadutsa mlatho wina anatambasula dzanja.

"Mayi a Faiza, kansalu kaja muli nako?"

Ndinawapatsa. Anakatambasula, anayang'ana mapindidwe anga kwa kanthawi, kenako anakakulunga pa bondo lija n'kumanga mfundo.