Thumba la Kansalu Kofiira

Pa yunivesite ponse panalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Ophunzira anawapatsa lakuti a Mubweremawa, chifukwa ukagogoda pa ofesi yawo kufunsa za mayeso, yankho linali lomwelo, osadzutsa n'komwe mutu.

Chimene bambowa ankachilakalaka usana ndi usiku chinali mpando wa mkulu wa dipatimenti ya mbiri yakale. Mwini mpandowo anali pafupi kupuma pantchito, ndipo a Mubweremawa anali atayeza kale ndi maso makatani a mu ofesi yake. Chopinga chinali chimodzi chokha, mapepala a mayeso a ophunzira a chaka chomaliza, omwe anali asanachonge ngakhale limodzi. Ankawasunga m'thumba la saka kuseri kwa chitseko. Lachisanu ankalikweza m'galimoto, ati akachongere kunyumba, Lolemba n'kulibweza chimangire. Akazi awo, atatopa ndi kutola mapepala pakhonde, analimanga pakamwa ndi kansalu kofiira.

Ndiye kunabwera mphepo ya zinyalala. Akuluakulu analengeza mpikisano wakuti dipatimenti yosonkhanitsa mapepala otha ntchito ochuluka, oti akagayidwe n'kupangira mathireyi a mazira, idzalandira chikho pamaso pa mkulu wa yunivesite. Atangomva kuti mkuluyo adzakhalapo, a Mubweremawa, munthu woponyera makoko a nthochi pawindo, anasanduka mlaliki tsiku lomwelo. Anasindikiza zikalata milumilu zoletsa kuwononga mapepala, nazimata m'makoma, m'mitengo, mpaka pazitseko za zimbudzi. Abale inu, manyazi anawasiya kuti?

Lamulo lawo kwa ophunzira linali lachidule.

"Thumba lililonse limene mwalipeza, nyamulani. Osafunsa, osasuzumira. Wofunsafunsa ndi mdani wa chilengedwe!"

Tsiku loyeza litakwana, anapachika sikelo pamtengo wa pabwalo, lole ya kufakitale itaima pambali. Mkulu wa yunivesite anakhala pamthunzi, wojambula zithunzi akumuzungulira ngati ntchentche. A Mubweremawa anabwera atatchena suti, thukuta lili kamukamu, akuwerama kwa aliyense wa tayi. Koma sikelo sidziwa suti. A dipatimenti ya zamalamulo, anthu oti chiganizo chimodzi amadzaza nacho masamba atatu, anali patsogolo pang'ono.

A Mubweremawa anakalipira ophunzira kuti athamange akasese maofesi onse, ndi yawo yomwe. Posakhalitsa anatulukira mtsogoleri wa kalasi yomaliza, mtsikana wamagalasi wosakonda zoseka, akukoka thumba limodzi monyinyirika.

"Latsala ili lokha, adokotala. Komatu ili ndi lija la..."

"Iwe, za mafunso ubwere mawa! Patse kuno!"

Maso awo sanali pathumba ayi, anali pa wojambula uja. Analitukula okha, munthu woti chikwama chake chomwe amanyamulitsa ena, naliika paphewa, mano onse pamtunda. Kamera inathwanima. Thumba linakwera pasikelo, muvi unadumpha, a zamalamulo anagwa nkhope. Anyamata ena a kumbuyo kwa kalasi, aja olemba dzina lokha pa mayeso, anawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Mtsikana wamagalasi anangogwira pakamwa, lole n'kunyamuka.

Chikhocho chinali chosokerera ndi zitini zakale, koma a Mubweremawa anachifungatira ngati mwana wobadwa kumene. Mkulu wa yunivesite anawagwira dzanja nawanong'oneza.

"Anthu ngati inu ndi amene tikufuna m'mipando. Mungotipatsa zotsatira za ana aja sabata yamawa, nkhani yathu ija tiimalize."

Anabwerera ku ofesi akuimba mluzu. Atakankha chitseko, chinatseguka chonse mpaka kumenya khoma, phaa! Chiyambire chaka chitsekocho chinali chisanafikepo pakhoma. Anasuzumira kuseri. Mbee, fumbi lokhalokha.

Anaimba foni kufakitale, ati m'lolemo mwalowa katundu wofunika. Wa kufakitale anayankha akutafuna kanthu kuti katundu wa kusukulu anamuviika kale m'thanki, panopa ndi phala, koma ngati akufuna mathireyi atha kuwasungira.

Munthu wina akanagwa pansi n'kulira chifukwa cha ana a eni, amene makolo awo anali atasoketsa kale zovala za tsiku lolandira madigiri. A Mubweremawa ayi. Iwo chinawawawa chinali makatani aja basi. Loweruka ndi Lamlungu anakhalira kuluka bodza, nalisalaza bwinobwino. Osesa ndiwo anaba thumba. Osesa alibe pakamwa, ndani angawamvere?

Lolemba m'mawa analawirira ku ofesi ya mkulu wa yunivesite, bodza lili kumilomo. Atangokhota pakhonde anaima chilili. Pakhoma anali atapachikapo chithunzi chachikulu cha m'felemu, chosonyeza ngwazi ya chilengedwe. Ngwaziyo inali iwo omwe, suti, mano onse kunja, thumba paphewa, kansalu ka akazi awo kali psuu pafupi ndi khutu. Pansi pa chithunzipo panaima kalasi yonse yomaliza, mtsikana wamagalasi patsogolo. Palibe anawapatsa moni. Ophunzirawo anangopatuka kuti adutse, ndipo a Mubweremawa anaona kuti mtsikanayo maso anali otupa ndi kulira.

Anafika pa desiki ya sekilitale atanyowa msana wonse.

"Amayi, ndionane nawo abwana, mphindi imodzi yokha. Pali zoti ndilongosole."

Sekilitaleyo anapitiriza kutaipa.

"Ana awa alongosola kale. Za mpando akuti muiwale, apatsa wina."

"Chonde amayi, ndingowaona nkhope."

Mayiyo sanadzutse n'komwe mutu.

"Akuti mubwere mawa."