Kalole Kopanda Penti

Zaidi anali atagwada pakhonde, pulayala ali pakamwa, akumangirira sipuling'i yomaliza kunsi kwa kalole, pamene Faruku anaimika njinga yamoto pachipata.

Kaloleko kanali ka Faruku yemweyo. Iye anali dalaivala wa lole yonyamula nzimbe ku Dwangwa, ndipo loleyo, atayenda nayo zaka khumi ndi zinayi, eni ake anali ataganiza zoigulitsa kwa ophwasula. Faruku anafuna kutsala ndi kachifanizo kake koika pamwamba pa kabati. Zaidi anachita kupita yekha ku Dwangwa ndi chingwe, nakwawira kunsi kwa loleyo, kuyeza chilichonse. Pamene lole yeniyeni inali ndi phazi limodzi, iye anaika chala chimodzi. Tsopano patatha masabata asanu, kalole kanali kataima pa matayala ake khumi, kakudikira penti yokha.

"Asalamu alayikumu," anatero Faruku. "Alamu alimo?"

Zaidi anachotsa pulayala pakamwa. "Wa alayikumu salamu. Kalole kanu ndi aka, achimwene. Tadinani pangolopo, muone mmene masipuling'i akugwirira ntchito."

"Ndakaona, kali bwino. Taitanani alamu, ndabwera ndi zithunzi."

Shamsa, mkazi wa Zaidi, anatuluka akupukuta manja pachitenje. Ndiye ankapenta tigalimoto tonse timene mwamuna wake ankapanga. Analandira foni ya Faruku, nakulitsa chithunzi ndi zala, nayang'anitsitsa.

"Pachitseko apa, pamene mumatsamira chigongono, penti inasuluka. Ndipasiye posuluka chomwecho kapena ndipakonze?"

Faruku anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona? Ndi chifukwa chake ndinakana kupita kwina. Pakhale posuluka, alamu, chigongono changa chioneke. Kumbuyo mulembe monga zililimu: Kunyumba Akundidikira. Anzanga ku Dwangwa sakundigonetsa, akuti kodi galimoto yako ya kwa Shamsa ituluka liti."

Ya kwa Shamsa. Mawu amenewo anamulowa Zaidi ngati waya wolasa kunsi kwa chikhadabo.

Tinene zoona, munthuyu anali ndi chifukwa chake. Palibe anamuphunzitsa ntchitoyi. Anayamba ndi magalimoto a waya ali mwana ngati wina aliyense, anzake atasiya iye anapitiriza. Ankatola zitini za mafuta ophikira kumsika, kuzidula, kuziwongola ndi nyundo. Masipuling'i ankawapanga ndi nthiti za maambulera akutha, matayala ankasema kuchokera ku mapatapata, magalasi ankadula pa mabotolo apulasitiki. Ukapotokola chiwongolero, matayala akutsogolo ankakhota. Zala zake zinali zipsera zokhazokha. Koma zonsezo zinkabisika kunsi kwa penti. Iye masabata asanu, Shamsa masiku awiri atadzitsekera m'chipinda, ndipo anthu ankaona za masiku awiriwo. Zaka zitatu tsopano, kumsika, kudepoti, ngakhale pakhomo la mzikiti, dzina linali limodzi: tigalimoto ta Shamsa. Chimenecho nkukhala chilungamo?

Faruku atangochoka, Zaidi anaika dzanja pamwamba pa kaloleko.

"Aka ndipenta ndekha."

Shamsa anali atayamba kale kusankha maburashi. "Mwati bwanji, bambo a Nasra?"

"Ndati ndipenta ndekha. Ndatopa kukhala wantchito wanu. Munthu akufika pakhomo panga, ndikumuonetsa ntchito ya manja anga, iye akufunsa kuti alamu alimo."

"Ndiye ndinamutuma ndine kuti afunse?"

"Simunamukonze. Munangoima n'kumamwetulira. Munayamba mwauzapo munthu kuti wopanga ndi mwamuna wanga?"

"Ndimawauza tsiku ndi tsiku. Samva."

"Mumawauza motsitsa mawu."

Shamsa analowa m'nyumba, natulutsa zitini za penti, botolo la thina ndi maburashi anayi, nazindandalika pamapazi pake.

"Nazi. Koma mupentere m'chipinda, mutseke chitseko ndi zenera."

"Kuti anthu adzati mwapenta ndinu, ine ndikungonama? Ayi. Ndikapentera pa siteji ya kabaza, aliyense aone ndi maso ake."

"Nyengo ino simungapentere panja, chifukwa..."

"Ndamva zanu zaka zitatu. Zakwana."

Shamsa anatola tsache.

M'mawa mwake Zaidi anayala katoni pansi pa mtengo wa mango, pamene akabaza amadikirira okwera. Kunali bata, dzuwa likuwala bwino. Anakhazika kalole pa njerwa ziwiri, natsegula chitini cha penti yobiriwira.

Maganizo, wakabaza wapakamwa posatseka, anatsamira pa hendulo ya njinga yake. "Kodi alamu adwala?"

"Ali bwino."

"Ndiye akuthamangitsani? Nenani, tipite tikakupepesereni."

"Iwe yang'ana kuno. Lero udziwe mwini wake wa ntchito."

Anthu anayamba kuima. Amayi opita kumsika anatula mabeseni, wogulitsa mandasi anasendera pafupi, kondakitala wa minibasi anaiwala kuitanira okwera. Zaidi anapenta kutsogolo, anapenta ngolo, akumiza burashi kwambiri kuti mtundu uwale. Penti inkayenderera pang'ono m'makona, koma patali sizinkaoneka. Wina kumbuyo anati, "Kani amathanso kupenta?" Mtima wa Zaidi unakhala pansi koyamba m'masiku ambiri. Anayamba kupakanso kachiwiri penti yoyamba isanaume, chifukwa anthu anali akadali pompo ndipo sanafune kuti achoke.

Woyamba kuona anali mayi wa mandasi. Anavundikira beseni lake msanga, naloza kum'mawa. Pamwamba pa madenga, mbali ya kunyanja, kunkabwera chinthu chonga utsi wa tchire lopsa, chikutsika ndi kamphepo.

"Nkhungu izo."

Tizilombo timeneti tikatuluka m'nyanja sitichedwa kufika kumtunda. Amayi anathamangira kumakomo kukatenga malichero onyowa kuti akole ndiwo. Akabaza anakoka malaya kutseka mphuno. Zaidi anaimirira burashi ili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. Kunyamula kalole sikukanatheka, paliponse pogwira panali ponyowa. Nkhungu zoyamba zitatera pa boneti, anavula malaya ake nafunditsa kaloleko.

Pamenepo ndiye anaonongeratu. Chimtambo chija chitadutsa anakoka malaya, ndipo malayawo anachoka ndi theka la penti. Pamene sanafundepo, nkhungu zinali zitamatirira zosawerengeka, kutsogolo konse kutamera ubweya ngati khoswe wonyowa.

Woyamba kuseka anali kondakitala uja. Kenako siteji yonse inagwa nalo phwete.

"Achimwene," anatero Maganizo akupukuta misozi, "iyi ndi lole kapena ndiwo? Tibweretse tomato?"

"Tseka pakamwa pako."

"Ine sindinagwirepo burashi chibadwire, koma nyengo ya nkhungu ndimaidziwa. Mumayesa alamu aja amadzitsekera m'chipinda chifukwa cha manyazi?"

Zaka zonsezi Zaidi ankaganiza kuti Shamsa amatseka chitseko, n'kupachika chiguduli chonyowa pazenera, kuti iye asaone mmene amasakanizira mitundu. Sanafunsepo ngakhale kamodzi. Koma kudziwa zoona sikunamuziziritse mtima. Kunangomuwonjezera ukali, kuti ngakhale Maganizo, munthu wopalasa njinga, ankaidziwa ntchito ya mkazi wake kuposa iye.

Masiku awiri anakhala kuseri kwa nyumba, akupala penti ndi thina ndi sandipepa. Nkhungu zinali zitalowa mpaka m'masipuling'i, ankazitokosa ndi singano imodziimodzi. Shamsa ankamuikira tiyi pambali osalankhula, iye ankamwa osathokoza. Akanakonda kuti mkaziyo amuseke, kapena anene kuti si ndinakuuzani, kuti apeze poyambira mkangano. Shamsa sanamupatse mpata umenewo. Kangapo Zaidi anamva mabelu a njinga ndi mawu a amuna kubwalo, koma sanapite kukaona. Nkhope ya wakabaza aliyense sanafune kukumana nayo.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, Zaidi anamupeza Faruku patiyirumu ya pafupi ndi msika. Anaika mtolo pathebulo, nauvundukula. Kalole kanali malata okhaokha, kakunyezimira, mizere yonse ya mtovu yowotcherera ikuoneka.

"Zachitikazo ndamva," anatero Faruku akubisa kuseka. "Nkhani inafika ku Dwangwa tsiku lomwelo."

Anakanyamula, nakatembenuza chagada, ndipo kuseka kuja kunatha. Anayendetsa chala pa masipuling'i. Anali asanu ndi awiri mbali iliyonse, monga a lole yake. Anapeza thanki ya dizilo ili ndi kachitsekerero kotseguka. Anapeza sitepe yokwerera itapindika pang'ono, pamene anagundapo chitsa m'munda wa nzimbe zaka zapitazo.

"Mpaka sitepe iyi? Ndinakuuzani ine za sitepe?"

"Ndinaiona ndili kunsi."

Faruku anakodola amuna amene ankamwa tiyi. "Tabwerani mudzaone kuno. Mashallah, uyu ndi mmisiri. Zaidi, ine ndimayesa mumangopinda zitini."

Kalole kanayenda m'manja mwa anthu. Aliyense ankapotokola chiwongolero, aliyense ankadina pangolo, ndipo aliyense ankatchula dzina lake. Zaidi, Zaidi. Anali atadikira zaka zitatu kuti amve zimenezi, ndipo zinamukomera, tisaname. Chimodzi chokha chinamuwawa: Shamsa panalibe kuti amve nawo.

Faruku anakabweza pathebulo, nakakankhira kwa iye.

"Koma iyi si lole yanga. Iyi ndi lole ya aliyense. Yanga ndi yobiriwira, ndipo ili ndi chigongono changa pachitseko. Lachitatu ophwasula akubwera kudzaitenga, ndikufuna ndijambulitse ziwirizi zili pamodzi. Mukawapatse alamu."

"Ndikhoza kuyesanso. Ulendo uno ndipentera m'chipinda."

"Mukawapatse alamu, achimwene."

Atafika kunyumba anapeza njinga zisanu ndi ziwiri zitatsamira kumpanda. Eni ake anali atakhala pabenchi pakhonde, aliyense, kupatula woyamba pamzere, atagwira kachilata kochotsa kumbuyo kwa kaliyala. Maganizo anali kumapeto.

"Mukufuna chiyani pakhomo panga?"

Maganizo anati, "Pepani, bwana. Tinaona kuti alamu mwawachotsa ntchito, manja angokhala. Ndiye tinati atilembere mayina kumbuyo kwa njinga. Akabaza a ku Benga nawonso akuti afika mawa."

Chitseko cha chipinda chinatseguka. Shamsa anatuluka ndi kachilata kofiira kolembedwa zoyera, timaluwa tikuzungulira m'mphepete, napatsa mwini wake, amene ananyamuka n'kumapita. Burashi imene anagwira inali yatsopano, yogula yekha. Anayang'ana mwamuna wake, nayang'ana mtolo umene ananyamula.

"Mayi a Nasra, tilankhule m'nyumba."

"M'nyumba muli penti yonyowa. Nenani pompano."

Akabaza onse anagwetsa maso pansi, makutu ali tcheru. Zaidi anawayang'ana. Pakhomo pake, pabenchi yokhoma iye mwini, panakhala anthu odikira dzanja la mkazi wake, ndipo panalibe amene anabwerera iye. Akanatha kuwathamangitsa onse ndi mawu amodzi. Koma Lachitatu linali pafupi, ndipo penti inali itamukana pamaso pa anthu omwewa.

"Faruku akuti mupente ndinu."

"Faruku ndiye akutero. Inu mukuti bwanji?"

Zaidi anati, "Mupente."

"Chabwino, ndipenta." Shamsa analandira kachilata ka wotsatira. "Koma awa afika kale, ena adikira kuyambira m'mawa. Sindingawadumphe."

"Ine ndine mwamuna wanu."

"Madzulo mukhala mwamuna wanga. Pano mwabwera ndi ntchito."

Chitseko chinatsekedwa. Zaidi anaima pakati pa bwalo, mtolo uli m'manja, akuyang'ana chipata kenako benchi. Palibe anaseka. Maganizo anasendera pang'ono, nasiya malo kumapeto, ulendo uno osanena kanthu. Zaidi anakhala pamenepo, kalole kali pamiyendo, wachisanu ndi chiwiri pamzere.