Tsitsi Lowokera ndi Dzanja la Apongozi

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Tuncay ankanyamula amuna a dazi pa minibasi yake, kuwatenga ku bwalo la ndege la Istanbul n'kukawatula ku chipatala chowokera tsitsi. Pakatha masiku atatu ankawabweza ali ndi mabandeji kunkhongo, pamutu pali psuu. Ankawaseka chamumtima. Amuna akuluakulu, a ana ndi akazi kwawo, kukwera galimoto pang'onopang'ono ngati asenza mazira. Iye mwini dazi linamupeza ali mnyamata, ndipo ankangolivindikira ndi chipewa osadandaula. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chinamusokoneza mutu ndi chikondi. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu anadziwana ndi Nermin, mayi wosoka zovala ku Üsküdar. Banja loyamba la Nermin linatha chifukwa mwamuna ankati ali ku ntchito ku Germany, pomwe ali kwa mkazi wina kutsidya kwa mzinda womwewu. Ndiye tsiku limene anamulola Tuncay, anamuuza maso ndi maso.

"Umphawi ndipirira, mkonono ndipirira. Bodza lokha ayi. Mukadzandinamiza, musadzavutike n'kubwera kudzapepesa."

Tsiku lina awiriwa akuwoloka nyanja pa sitima, mphepo inaulutsira chipewa cha Tuncay m'madzi, Nermin n'kumujambula akuseka. Tuncay ataona chithunzicho mtima unamuwawa. Mutu unkanyezimira ngati mbale yotsukidwa kumene, ndipo anadziona ngati amalume ake a Nermin, osati bwenzi.

Anawerengera bwinobwino, monga amachitira amuna akafuna kuchita zopusa. Bambo ake a Nermin, a Hüsnü, ankakhala kumudzi ku Giresun ndipo ankabwera mumzinda mu Okutobala akatha kukolola mtedza wawo wa m'mitengo. Nthawi imeneyo m'pamene abale a Tuncay anayenera kukapempha mbeta. Uno unali Malichi. Miyezi isanu ndi iwiri, tsitsi likhala litamera, ndipo adzavula chipewa pamaso pa onse ali mnyamata. Anauza Nermin kuti akupita ku Sivas milungu iwiri kukakonza denga la nyumba ya malemu mayi ake.

M'malo mwake anakagona pa bedi la chipatala chija kuyambira m'mawa mpaka madzulo, atsikana atatu akuzula tsitsi limodzilimodzi kunkhongo n'kumaliwokera kutsogolo ngati mbande za tomato. Dokotala anajambula mzere pamene tsitsi liyambire, koma Tuncay anakakamira kuti autsitse, ufike pamene unali ali ndi zaka makumi awiri. Anautsitsa. Pomutulutsa, namwino Aysun, amene ankamwa naye tiyi tsiku ndi tsiku podikira odwala, anamuloza chala.

"Achimwene, malamulo mukuwadziwa, koma ndibwereza chifukwa amuna simumva. Masiku khumi osakhudza, osakanda, osavala chipewa, osawerama. Muzigona chokhala. Mbandezi sizinagwire, ikazuka yazuka. Ndipo kunkhongo kwanuku takokolola zonse, kachiwiri kulibe."

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lachitatu foni inalira, anali Nermin.

"Bambo abwera dzulo, mtima ukuwavuta. Adokotala awaona, koma iwo akuti Okutobala sakumukhulupirira. Akuti mubwere ndi abale anu Lamlungu. Mufika kuchokera ku Sivasko?"

Lamlungu linali mawa lake. Apa m'pamene Tuncay akananena zoona, koma lilime linamuthamangira.

"Ndifika, ndikwera basi lero lomwe."

Atadula foni anapita pagalasi, ndipo anabwerera m'mbuyo. Kutupa kwa pachipumi kunali kutatsikira m'maso. Zikope zinali ndundundu, mphuno yasowa pakati pa masaya, ndipo pamwamba pake panali munda wa tinkhanambo tofiira masauzande anayi. Munthu wa m'galasiyo sanamudziwe.

M'mawa mwake kunabwera mchemwali wake wamkulu, Gülten, atanyamula maluwa ndi chokoleti pa thireyi yasiliva. Tuncay atatsegula chitseko, Gülten anakhala pansi pomwepo pa masitepe.

"Mayi wanga ine. Wakumenya ndani?"

Tuncay anafotokoza. Gülten anamvetsera kukamwa kuli yasa, kenako anamuyang'ana pamutu nthawi yaitali.

"Ndiye denga la ku Sivas lija ndi limeneli? Wafolera bwino, mng'ono wanga. Iwe, munthu wamkulu ndevu pepeya, umanyamula zitsiru tsiku ndi tsiku mpaka wasirira?"

"Achemwali, ndithandizeni nzeru, kunyoza mudzanyoza mawa."

"Nzeru yanji? Nanga dzanja la madala uchita nalo bwanji?"

Zimenezo Tuncay anali asanaziganize. Munthu wamkulu akakutambasulira dzanja, umalipsompsona n'kuliika pachipumi pako, ngakhale mwana wa zaka zitatu amadziwa. Ndipo pachipumi pake, chifukwa cha mzere anautsitsa uja, m'pamene panali mbande zoyambirira.

"Ndinena kuti ndili ndi chimfine."

"Chimfine chotupitsa mutu chonchi? Tiye, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

Anapita atatu, amalume awo a Cevdet ali patsogolo monga wolankhulira banja. Amalumewo njira yonse ankangocheuka, kuyang'ana mphwawo, n'kupukusa mutu.

Anatsegula chitseko ndi Nermin mwiniwake, atavala diresi yobiriwira imene anasoka yekha. Kumwetulira kunamuthera pankhope. Anayang'ana maso otupawo, anayang'ana nkhanambo, anayang'ana bandeji ya kunkhongo. Mkazi wa mu Istanbul safunsa kuti mutu woterewu wachokera kuti, mitu yotere ili mbwee m'misewu.

"Sivas," anatero motsitsa mawu, n'kupatuka kuti alowe.

Tuncay anavula nsapato chopondaponda, khosi lili njo ngati wameza ndodo. M'chipinda chochezera munali azakhali awiri a Nermin akukambirana mokweza, koma atangomuona anatong'ola maso. Mmodzi anagwira pachifuwa n'kuyamba kunong'ona pemphero. A Hüsnü okha sanadabwe, chifukwa maso awo anali ndi ng'ala ndipo ankangoona chithunzithunzi cha munthu wovala suti. Anadzuka movutikira pa mpando wawo n'kutambasula dzanja. Linali dzanja la mlimi, lalikulu, lokhakhala, ndipo pa chala panali mphete yasiliva ya mwala wotumphuka.

Njira yothawira inalipo. Anyamata a masiku ano amangopsompsona dzanja n'kulisiya, koma madala saiwala zimenezo mpaka kumanda. Tuncay anacheukira Nermin, amene anaima pakhomo manja atapinda. Anaona kuti wamulakwira kale, ndipo sanafune kuti anyozenso bambo ake iye akuona. Anawerama, anapsompsona dzanjalo, n'kulikanikiza pachipumi monga anamuphunzitsira mayi ake.

Anamva mphete ikupala. Sizinapweteke kwambiri. Kenako china chofunda chinatsika pakati pa maso n'kudontha pa malaya oyera.

"Magazi," anatero zakhali wina.

A Hüsnü anabweretsa dzanja lawo pafupi ndi maso, ndipo ataona kufiira anafuula.

"Ndavulaza mlendo m'nyumba mwa mwana wanga. Pepani bambo, pepani, imani pomwepo."

Pa tebulo panali botolo la kolonya, madzi onunkhira mandimu aja othira alendo m'manja, oluma ngati sipiriti, amene madala akumeneko amakhulupirira kuti amachiza chilichonse kuyambira chilonda mpaka chisoni. A Hüsnü anawakhuthulira pa kampango kawo. Gülten anakuwa kuti asatero, koma mawu anafika mochedwa. Mkuluyo anali atagwira kale Tuncay kunkhongo ndi dzanja limodzi, lina likupukuta pachipumi mwamphamvu ndi mwachikondi, ngati akusambitsa mdzukulu.

Moto umene Tuncay anaumva sadzauiwala. Misozi inatuluka yokha m'maso otupawo, koma sanasunthe ndipo sanalire. Amalume a Cevdet anatseka maso.

Atachotsa kampangoko, a Hüsnü anakayang'anitsitsa. Pa nsalu yoyera panamatirira titsitsi tifupitifupi, kalikonse ndi kamuzu kake.

"Nanga izi n'chiyani?"

Panalibenso pobisala. Tuncay analankhula ataimirira, magazi akuuma pamphuno.

"Ndi tsitsi langa, bambo. Analizula kumbuyo n'kuliwokera kutsogolo Lachinayi lapitali. Ndinkachita manyazi ndi dazi. Ku Sivas sindinapite, ndinali kunyumba kwanga konkuno. Mwana wanu ndamunamiza kawiri."

Mkuluyo anakhala pansi pang'onopang'ono, kampango kali m'manja.

"Kuzula kumbuyo, kudzala kutsogolo," anatero ngati akudzilankhulira. "Ine zaka makumi asanu ndi awiri ndikulima, koma munda wotere sindinauonepo." Anapumira m'mwamba. "Khalani pansi, alendo. Munthu amene wapirira zimene ndamuchitazi osalira, ine ndilibe naye mlandu. Koma wonamizidwa si ine. Nermin, mwana wanga, khofi."

Nermin analowa kukhitchini. Amalume a Cevdet anayesa kufunsa za mitengo ya mtedza, a Hüsnü anayankha mwachidule, nkhani n'kufera pomwepo. Tuncay sankamva chilichonse. Za mbande zimene zinatsala pa kampango anali ataziiwala, maganizo ake onse anali pa kapu imene inkabwera. Pa tsiku lotere mkazi amathira mchere m'khofi wa mwamuna wake yekha, kuti onse aone ngati angamwe osakwinya nkhope. Ndi nthabwala, koma ndi chizindikironso chakuti pa anthu onse m'chipindamo, uyu ndi wake. Tuncay anapemphera kuti amuthirire mchere wodzaza dzanja, ndi tsabola yemwe ngati akufuna. Akanamwa mpaka matsenjerere.

Nermin anatuluka ndi thireyi. Anapatsa bambo ake, anapatsa a Cevdet, azakhali, Gülten, ndipo kapu yotsiriza anaiika patsogolo pa Tuncay osamuyang'ana. Onse anasiya makapu awo m'manja, maso ali pa iye.

Anamwa pang'ono. Anamwanso kuti atsimikize.

Khofiyo anali wokoma, wa shuga wapakatikati, thovu lili bwinobwino. Anali khofi wa alendo, wofanana ndi wa wina aliyense.

Gülten anangoona nkhope ya mng'ono wake n'kudziwa. Anagwira amalume pa bondo kuti asayambe mawu opempha mbeta amene anakhala akuwaloweza m'galimoto. Alendowo anamaliza khofi mwaulemu, anathokoza, anafunira a Hüsnü kuchira. Maluwa ndi chokoleti zinatsala pa tebulo popanda wozikhudza.

Pakhomo, Tuncay akulimbana ndi nsapato, Nermin anagwada n'kumumangira zingwe, poti ankadziwa kuti saloledwa kuwerama. Zimenezi zinamupweteka kuposa kolonya.

"Nermin, ndinkafuna kuti musamachite nane manyazi."

"Dazi ndinaliona tsiku loyamba, a Tuncay, si ine wakhungu," anayankha akudzuka. Mawu ake sanali okwiya, anali otopa. "Chithunzi cha pa sitima chija ndinakachitsukitsa, chili pa makina anga osokera. Makasitomala akafunsa ndimati uyu ndi munthu amene sabisa kanthu. Dzulo ndinakugulirani mankhwala a msana, poganiza kuti mwagona pa basi."

Anatseka chitseko mosamenyetsa.

Tsitsi linamera. Pofika Okutobala linali lakuda bii, lothithikana, ndipo dokotala ankaitana odwala atsopano kuti adzaone mutu wa dalaivala wawo. Pakati penipeni pa chipumi pokha panatsala kadazi kofanana ndi chala chachikulu, pamene panadutsa mphete ndi kampango. Aysun anati angathe kuzula pang'ono ku ndevu n'kutsekapo, ntchito ya ola limodzi. Tuncay anakana.

Akadayendetsabe minibasi ija. Amuna a mabandeji akamakwera amawagwirira chitseko, dzanja lake lili pamwamba kuti asagunde mutu, ndipo sawasekanso. Chipewa anagula china.