Mpopi Wopanda Riboni

Khonsolo inali ndi mpopi umodzi wokha, koma inatsegulira mipopi khumi ndi iwiri. Mwini ntchitoyo anali pulambala wa khonsolo, amene anthu anamutcha Chizule. Kukamabwera alendo, iye ankamanga mpopiwo pakhoma, kuseri n'kubisako mgolo wa madzi. Akuluakulu ankadula riboni, kusamba m'manja, kujambulitsa. Galimoto zikangokhota, Chizule ankamasula mpopi uja n'kuuponya m'chikwama. Kale khonsolo ikanama inkachita manyazi. Masiku ano imaitana wojambula.

Tsoka lake, mpopi wachisanu ndi chiwiri anauzula apongozi ake ali pamzere, ndowa ili m'manja. Kuyambira tsikulo anamuletsa kuponda pakhomo pawo. Mkazi wake akalowa kukaona mayi ake, iye ankatsala pachipata ngati wogulitsa makala.

Chaka chino mapaipi enieni anafika, ndipo Chizule anamanga mpopi weniweni mumsewu womwewo wa apongozi ake. Masiku atatu palibe anatungapo. Amayi ankaulambalala, ndowa pamutu, ulendo wa kuchitsime chakutali.

Tsiku lachinayi apongozi anabwera ndi mpando.

"Amayi, uwu ndi weniweni," anatero Chizule, chipewa chili m'manja.

"Bambo, ujanso munati weniweni. Mpaka ndinauvinira."

Anazungulira khoma, akugogoda pansi ndi ndodo. Mgolo panalibe.

"Mwaukwirira."

Chizule anatsegula mpopi. Madzi anathamanga mpaka kumunyowetsa nsapato. Anthu anasonkhana chapatali, manja kumbuyo.

"Mgolo wa ulendo uno ndi waukulu!" anakuwa telala wa pakona.

Dzuwa linafika pamutu madzi akutulukabe. Apongozi anayang'ana kumtunda kwa msewu, n'kuyang'ananso kumunsi.

"Nanga alendo afika nthawi yanji?"

"Sabwera, amayi."

"Riboni?"

"Kulibe. Ngakhale wojambula sanamuuze."

Mayiwo anayang'ananso madzi aja. Bodza la khonsolo anali asanalionepo likubwera lokha, lopanda oliperekeza.

"M'chikwamamo muli chiyani?"

"Sipanala, amayi."

"Bwera nayoni."

Chizule anaipereka ndi manja awiri. Apongozi anaiika pampando n'kuikhalira, kenaka anakankhira ndowa yawo pansi pa mpopi ndi phazi. Amayi ena ataona zimenezo anathamangira ndowa zawo.

"Sipanalayi izikhala kwathu," anatero apongozi. "Mukaifuna muzibwera kudzafotokoza komwe mukupita nayo. Ndipo muzilowa m'nyumba. Pachipata paja mumandithamangitsira ogulitsa makala enieni."