Kabotolo ka Wapagolo

Wezulo yomaliza itangolira, anzanga asanandinyamule n'komwe, mayi wina wa jekete yoyera anandigwira pamkono.

"Wapagolo, mwasankhidwa kukayezedwa mkodzo, tione ngati mulibe mankhwala oletsedwa. Kuyambira pano, kulikonse mupite ndili pambuyo panu."

Ndine amene ndinagwira penate yotipititsa ku mpikisano wa mayiko, koyamba chiyambireni timu yathu ya amayi. Mphotho yanga inali kachipinda kopanda zenera, kunsi kwa masitepe a bwalo: tebulo, mipando itatu, furiji yodzaza madzi, ndi chimbudzi chopanda chitseko. Pamwamba pathu anthu ankaponda simenti, akufuula dzina limene anandipatsa: "Khoma! Khoma!"

Adokotala a timu yathu, mayi wachikulire amene wandimanga zala zaka zisanu, anabwera kudzakhala mboni. Anavula nsapato n'kusanjika miyendo pampando.

"Imwa madzi, iwe. Undiphonyetsa gule."

Ndinamwa mabotolo anayi, koma palibe chinabwera. Zonse zinali zitatuluka ngati thukuta. Komanso ndani angakodze munthu wachilendo atamuima patsogolo, maso tong'o? Wajeketeyo anati lamulo ndi lamulo, mkodzo ukapanda kufika pamzere wa kabotolo kake, palibe wotuluka. Ndinamuda mayi ameneyu, ngakhale sanandilakwire kanthu.

Koma chimene chinkandidya mumtima si kabotolo. Ndinali ndi pathupi pa miyezi iwiri. Ankadziwa ndi amuna anga ndi anamwino a kusikelo basi. Mpikisano unali kutsogolo ndi miyezi isanu ndi iwiri. Masamu ake ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza. Ndinkangofuna mlungu umodzi wokha wokhala Khoma, dzina langa litchulidwe pa mndandanda wa opita, kenako ndiziona.

Patatha ola ndi theka, kabotolo kanadzaza. Ndinakatseka ndekha, ndikuganiza kuti basi ndapulumuka. Wajekete anatulutsa fomu.

"Funso lomaliza. Mankhwala alionse amene mwamwa masiku asanu ndi awiri apitawa, lembani apa. Ngakhale a mutu."

"Ndikaiwala ena?"

"Makina saiwala, achemwali. Mukabisa n'kupezeka zina, mudzafotokoza muli kunja kwa bwalo."

Ndinagwira cholembera. Ku sikelo anandipatsa mapilitsi owonjezera magazi, ndi ena oletsa kusanza amene ndinameza m'mawa womwewo m'bafa, mpopi ndili wotsegula kuti mnzanga wa m'chipinda asamve. Sindinkadziwa zimene zili m'kati mwake. Ndikabisa, mwina andiletsa mpira zaka, penate ija n'kusanduka manyazi a timu yonse. Ndikalemba, adokotala awerenga, poti nawo amasaina pansi pake. Ndinayang'ana chitseko. Wajekete anali atakokera mpando wake pomwepo.

Ndinalemba mayina onse awiri, monga analili pa timapaketi.

Adokotala anakoka fomu akuyimba motsitsa nyimbo imene inkamveka pamwamba. Nyimbo inaduka. Anavala magalasi, n'kuwerenganso. Anatsitsa miyendo pampando.

"Ingati?" anafunsa chapansipansi.

"Iwiri."

"Mwana iwe! Ndiye masana onsewa umadzigwetsa pamapazi a anthu?"

Ndinaona akupinda zala pansi pa tebulo, chimodzichimodzi, milomo ikutchula miyezi. Ndinalira, ndipo sindinabise.

Pomwepo wina anamenya chitseko ndi chikhatho. Anali akochi, mawu atasasa ndi kukuwa.

"Khoma! Sunamalizebe? Abwana a timu abwera ndi telala, akuyeza masuti a ulendo. Watsala iwe wekha! Kapena ungondiuza, m'chiuno ndilembe zingati?"

Wajekete anaweramira pa mapepala ake. Ndinayang'ana adokotala kuti andiyankhire, koma iwo anali atagwirabe chala chachisanu ndi chinayi.