Manong'onong'o a Papulatifomu

Holo ya zoimbaimba ya m'paki itatha kumangidwa, mtsikana amene anailembera mapulani anatenga mayi ake ndi azakhali ake kuti akaione isanatsegulidwe. Atadutsa pakati pa mitengo ndi mabenchi, mayiwo anaima n'kuyang'ana denga lopindika la nyumbayo.

"Ndiye beseni lovundikirali ndi limene lakuwondetsa chonchi?"

"Si beseni, amayi. Ndinalipinda dala kuti mawu azifika paliponse."

M'kati munkanunkhira matabwa atsopano. Mipando inali yokwera ngati masitepe, makoma okhotakhota, moti azakhali anafunsa ngati amisiri ankamanga ataledzera. Mtsikanayo anangopukusa mutu. Anawasiya awiriwo papulatifomu, iye n'kukwera mpaka kumzere womaliza kukapereka moni kwa mphunzitsi wa kwaya, bambo wofatsa amene anabwera kudzamva mmene holoyo ikutulutsira mawu.

Asanakhale n'komwe, mayi ake kumunsi kuja anaweramira kukhutu kwa azakhali. Manong'onong'owo anafika kumtunda onse, osatayika ngakhale limodzi.

"Alamu, mwamuona amene ali nayeyo? Chala chilibe mphete."

"Ndamuona kalekale. Vuto ndi dazi lokha, koma dazi silinaphepo munthu."

"Mwana wangayu nzeru zonse zinathera m'makoma. Tikapanda kumukankha, adzakwatiwa ndi simenti."

Mphunzitsiyo anadzisisita pamutu pang'onopang'ono. Mtsikanayo anasowa poyang'ana.

"Amayi! Zonse zikumveka kuno!"

Mayiwo anafunsa ndi kamawu kakang'ono, "Ndi za dazi zomwe?"

"Makamaka za dazizo, mayi," anayankha mphunzitsiyo. "Holoyi ilibe chinsinsi. Poti mwaima kale pamenepo, tatiyimbireniko kanyimbo timve."

Pofuna kubisa manyazi, awiriwo anayamba kuyimba. Poyamba mawu ankanjenjemera, koma atamva mmene akubwererera okoma, anamasuka. Anayimba nyimbo zinayi, yachisanu anachita kuwaletsa.

Pa tsiku lotsegulira, holo inadzaza mpaka ena kukhala pa kapinga panja. Mayi ndi azakhali anali m'kwaya atavala yunifolomu, wina kumapeto uku wina uko, chifukwa mphunzitsi anawalekanitsa pa tsiku loyamba lomwe la maphunziro.

Za tiyi zinabwera pambuyo. Mphunzitsi uja anapempha kawiri kuti akamwe tiyi limodzi, mtsikanayo n'kukana kuti mayi ake angadzitame. Ulendo wachitatu anavomera, koma anasankha yekha malo: benchi ya kuseri kwa dziwe la abakha, kutali ndi holo.