Mpata wa Pakati pa Madesiki

Atelala anafika kusukulu tepi yoyezera ikadali m'khosi, chifukwa mwana wawo Kanthiti anali pa mpikisano wa milatho ya mapepala. Wopambana ndiye ankayenera kupita kukaimira sukulu yonse.

Aphunzitsi anatalikitsa madesiki awiri pang'ono. Mwana aliyense ankagoneka pepala lake lopindapinda pa mpatawo, n'kumasanjikapo mabatire akutha mpaka ligwe.

"Katundu akakhala pakati, pamwamba pa mlatho pamapanikizika, pansi pamakokeka," anatero aphunzitsi. "Mpata ukakula, mlatho umatopa msanga."

Wa Kanthiti unanyamula mabatire asanu ndi awiri, n'kugwa. Kenako panabwera mnyamata wina, mwana wa ahedi. Wake unanyamula khumi, ana onse m'manja phwaphwaphwa.

Atelala sanaombe nawo. Diso lawo, lija lodziwa chiuno cha munthu asanavule jekete, linaona kuti mpata wachepa. Pa fumbi la pansi, mwendo wa desiki unali utasiya mzere.

"Aphunzitsi, desikiyi yayenda yokha?"

"Ana amatsamira, mayi."

"Amatsamira ikafika nthawi ya mwana wa abwana basi?"

"Amayi, khalani pansi," Kanthiti ananong'ona, akuwakoka siketi.

Koma iwo anali atagwada kale, tepi ili pa mzere uja. Masentimita anayi.

Ahedi anaseka ali pakhomo. "Mwabwera kudzatiyeza mayunifolomu, mayi?"

"Nditakusokerani buluku loperewera chonchi, mungalivale?"

Aphunzitsi ankayang'ana paliponse kupatula pakhomo, ndipo Atelala anaziona zimenezo. Madesiki anabwezeredwa, miyendo yake n'kuzungulizidwa ndi choko. Ana awiriwo anapatsidwa mapepala atsopano.

Wa Kanthiti unagwanso pa asanu ndi awiri. Wa mwana wa ahedi unafika asanu ndi atatu.

Atelala anayeza mpata kawiri. Anakweza mabatire mmodzimmodzi, kumva kulemera kwake. Anafunyululanso pepala la mnyamatayo kufuna guluu kapena kawaya. Munalibe kanthu, mapindo ake okha ndiwo anali ang'onoang'ono, othinana bwino.

Pa msewu Kanthiti ankayenda patsogolo, osacheuka.

"Mwandiluzitsa kawiri pamaso pa anthu."

"Kachiwirika waluza ndi batire limodzi, ndipo waluza zoona. Koyamba kaja anakubera."

"Anandibera ndani?"

Atelala anayamba kukulunga tepi yawo, poti wokankha desiki ija sanamuone ndi maso.